Bedi la Miyendo Yaitali

Amuna anga anabwerako ku Halale ndi zinthu ziwiri: chipewa chokhala ndi nthenga pambali, ndi nzeru yoti anthu angathe kusanjikizidwa ngati mbale. Chipewa chija chinauluka ndi mphepo pamlatho wa Lunzu chaka chomwecho, ndipo palibe anachilira kupatula eni ake. Nzeru ija ndiyo inakhalitsa, n'kudzandigwetsera m'mavuto ine amene ku Halaleko sindinapondeko.

Kwathu ndi ku Lirangwe, kutsidya kwa njanji. Kumeneko ukwati ukachitika amasamuka ndi mwamuna. Amamanga kanyumba pakhomo pa apongozi ake, amalima munda umene amulozera, ndipo amayenda chozemba kuti asaphane maso ndi mayi a mkazi wake. Amuna anga anazichita zonsezi chaka chathunthu, nkhope ili ngati ya munthu amene akutafuna kwinini. Ndiye m'zaka zija za Chitaganya, pamene azungu anaphatikiza dziko lathu ndi la ku Halale, ndege za ku Halale zitayamba kutera pafupipafupi pa Chileka, anapeza ntchito yonyamula masutikesi a apaulendo pabwalo la ndege. Anawapatsa yunifolomu ya khaki ndi kachitsulo ka nambala kopachika pachifuwa. Tsono munthu wa nambala pachifuwa angagwirenso khasu la apongozi? Anatuma ankhoswe kuti akapemphe kunditenga.

Eni mbumba kwathu anali atsibweni, alongo awo a amayi. Anamvetsera mpaka ankhoswe atatha mawu, kenaka anati:

"Mutengeni. Koma tikangokolola, mayi akewa abwera kudzaona pamene mwamuika. Akadzapeza kuti mwana wathu sali pabwino, adzabwera naye. Inuyo muzidzamuona Loweruka, ndipo khasu lanu mudzalipeza pomwe mwalisiyapo."

Amayi ankaswa mtedza chapatali, makoko akuwaponya kutali kuposa mmene makoko amafunira.

Ndisaname, wofunitsitsa kuchoka ndinali ine kuposa amuna anga. Ndinali nditatopa kukhala mkazi wapabanja amene amayi ake amabwera kudzavundukula mphika kuti aone ngati mchere wakwana. Ndikachedwa kudzuka, ankakasesa pakhomo panga penipeni, tsache likugunda chitseko. Ndikaseka ndi amuna anga, m'mawa ankandifunsa kuti chinali choseketsa n'chiyani. Amayi ndinkawakonda, komanso ndinkawaopa, ndipo ndinkalakalaka chitseko changachanga choti ndikatseka chikhale chotseka.

Chitseko ndinakachipezadi ku Chileka. Chimene chinasowa ndi nyumba kuseri kwake. Mkulu wina wa pamenepo anali atamanga mdadada wa tizipinda ta malata toti muzikhala anthu a ntchito za pabwalo la ndege, ndipo kathu kanali kakumapeto. Ukaima pakati n'kutambasula manja, kunkangotsala pang'ono kuti ukhudze makoma onse awiri. M'menemo munalowa njinga, matumba awiri a chimanga, bokosi lachitsulo la zovala, mtsuko, ndowa, mbale, mpando umodzi, kenaka ife. Kuti tiyale mphasa, njinga inkayenera kutuluka. Koma njinga sikanagona panja, chifukwa Chileka wa masiku amenewo anali ndi manja ataliatali. Choncho tinkagona mapazi ali kunsi kwa tcheni, bulangete likumwa oyilo, ndipo ine ndinkadzuka ndi chidindo cha pedulo pamsongolo.

Tsiku lina ndinawapeza amuna anga atayang'anitsitsa kudenga. Ndikanadziwa ndikanawatuma kumsika.

"Mayi," anatero, "mukuuona mpweya uwu?"

"Uti?"

"Wam'mwambawu. Ukungokhala chabe, palibe akuugwiritsa ntchito. Ku Halale, kukomponi, chipinda ngati chino tinkagonamo anthu ambirimbiri. Ena pansi, ena pakati, ena pamwamba. Azungu saononga mpweya."

"Ndiye munkasangalala?"

"Tinkalira tsiku ndi tsiku. Koma nzeru yakeyo ndi yabwino."

Anali otero amuna anga. Madzulo akakhala ndi anzawo ankatukwana Chitaganya mpaka thovu kukamwa, koma chilichonse chimene anachiona ku Halale chinali ngati chatsika kumwamba.

Lamlungu lotsatira, titangoweruka kutchalitchi, anabwera ndi mitengo inayi ya bulugamu, yaitali kuposa iwo eni. Anakumba mayenje anayi m'nyumba momwemo, pansi pamene ndinali nditangozira kumene, n'kuimikamo mitengo ija. Matabwa anali a mabokosi osweka amene ankatayidwa kubwalo la ndege, ena akadali ndi zilembo zachingerezi. Anakhoma tsiku lonse. Misomali ina inali yopindika, ndipo ntchito yanga inali kuiwongola pamwala. Pomwe dzuwa linkapendeka, anthu a mdadada wonse anali atasonkhana pakhomo, akusuzumira mosinthanasinthana.

Kukhomo loyandikana nafe kunkakhala mayi wina wachilomwe, mkazi wa mlonda, wa pakamwa posatseka. Analowetsa mutu, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuyang'ana amuna anga.

"Achimwene, mukufuna kuweta nkhunda m'nyumba eti?"

"Limeneli ndi bedi, amayi. Apusiteya, lam'mwamba pachizungu."

"Ohoo. Ndiye Chitaganya chija chafika mpaka muno. Ena pamwamba, ena pansi, n'kumati tonse tili m'nyumba imodzi."

Anthu anaseka mpaka kugwirana. Amuna anga anasekanso, poganiza kuti awayamikira. Anatsiriza ndi makwerero a masitepe asanu, anakweza chiguduli chodzaza udzu chimene tinkachitcha matiresi, kenaka anaima potero, manja m'chiuno, ngati ndi iwo anamanga bwalo la ndege.

Kukwera koyamba ndinawatulutsa panja. Mkazi woleredwa bwino sakwera mtengo, ndipo nsalu sinasokedwere makwerero. Ndinakwera dzanja lina litagwira nsalu, lina makwerero, ndipo nditafika pamwamba ndinalonjeredwa ndi mtanda wa denga pachipumi. Pabedipo sunkatha kukhala tsonga. Unkalowapo chokwawa n'kutulukapo chafutambuyo. M'chilimwe malata ankatiwotcha ngati mbatata, ndipo ndege ikamanyamuka denga lonse linkanjenjemera, fumbi ndi ndowe za makoswe zikutigwera kumaso. M'mawa wina amuna anga anaiwala kumene ali. Anadzuka monga ankadzukira pamphasa, n'kuponda mpweya wawo uja. Mwayi anagwera pathumba la chimanga. Ali chigonere pamenepo anandiuza kuti amafuna aone ngati njira yachidule ilipo.

Komabe chilungamo chinenedwe: malo anapezeka. Njinga inaima m'mbali mwa khoma osakhudza munthu. Kunsi kwa bedi amuna anga anaikako mpando uja ndi katebulo kamene anakhoma ndi matabwa otsala, n'kunena kuti pamenepo ndi pabalaza. Ine ndinazira pansi ndi dothi lakuda, ndinayala kansalu koluka patebulo, ndipo chipinda chathu chinayamba kuoneka ngati cha anthu. Akazi a m'midadada ina ankabwera kudzaona. Ine yemwe uja wa chotupa pachipumi ndinasanduka mlaliki wa bedi lam'mwamba. Ndinkawauza kuti kumwambako kumapita kamphepo. Ndinkawauza kuti nsikidzi sizifikako, chikhalirecho zinkafika ndithu, wapansi, osasowa makwerero. Ndinkanyada kwambiri, ndipo kunyadako kunali kokoma.

Anthu anakolola. Munthu wina wogulitsa mbuzi anabwera ndi uthenga wochokera ku Lirangwe woti amayi afika Loweruka. Atangochoka ndinalowa m'nyumba, n'kuiyang'ana ndi maso a amayi.

Kwathu kholo silifika pogona mwana wake wapabanja. Mphasa imene mwana amagonapo ndi mwamuna wake kholo siliikhudza, siliiponda, ngakhale kuiona silifuna. Akuluakulu amati likatero limadwala chifuwa n'kutupa miyendo, koma ngakhale popanda matendawo, manyazi ake okha ndi okwanira kupha munthu. Anthu a chipinda chimodzi vutoli analithetsa kalekale. Kukacha amapinda mphasa n'kuibisa, ndipo chipinda chogona chimasanduka nyumba wamba yoti aliyense alowe. Tsono lathu linali bedi losapindika, miyendo yake yokwiriridwa m'dothi. Ndipo malo okhawo oti mlendo n'kukhalapo anali kunsi kwake.

"Tiligwetse," ndinawauza amuna anga. "Amayi akapita mudzalimanganso."

"Kugwetsa apusiteya? Mayi, apongozi akubwera kudzaona ngati muli pabwino. Chabwino choposa ichi muno n'chiyani? Asiyeni adzaone chitukuko."

Ndinawachonderera Lachinayi, ndinawachonderera Lachisanu. Anangoti ndine wachimidzi. Iwowo makolo awo anamwalira akadali aang'ono, anakulira m'mafamu ndi m'makomponi, ndipo mwambo ankaudziwa chapamwamba: kugwada, kuwomba m'manja, kuzemba apongozi panjira. Chifukwa chake cha zimenezi sanachifunsepo.

Loweruka analawirira kuntchito, poti kunali ndege ya m'mawa ndi ina ya masana. Atangokhota pakona ndinayamba yanga ntchito. Mabulangete ndinawatsekera m'bokosi. Matiresi ndinawakankhira kukhoma, ndipo m'mphepete mwa bedi, mbali yoonekera, ndinandandalikamo madengu, lichero, maungu atatu ndi chikwatu cha mfutso. Makwerero ndinakawagoneka m'mapesi kuseri kwa chimbudzi. Nditabwerera pakhomo n'kuyang'ana, bedi panalibe. Panali nsanja yosungirapo zakudya, yonga imene mkamwini wanzeru angamangire mkazi wake.

Mkazi wa mlonda anandipeza ndikukweza dzungu lomaliza. Tinali titagwirizana kale kuti amayi akagona kwa iye, poti mwamuna wake ankachezera kuntchito.

"Amwali," anatero, "mukuchitazi mwaziganiza bwino?"

"Mlendo ndi mame, amayi. Mawa lomweli abwerera."

"Kaya. Ine maso angawa sanaone kanthu."

Amayi anafika dzuwa lili paliwombo, dengu la mtedza pamutu, fumbi mpaka m'mawondo, poti lole inawatsitsa pa Lunzu ndipo kotsalako anayenda pansi. Ndinawalandira dengu. Pakhomo anaima kaye, maso akuzungulira pansi ponse kufunafuna mphasa. Sanaione. Anayang'ana kuseri kwa chitseko, sanaionenso. Nkhope yawo inamasuka pang'ono, poona kuti mwana wawo sanaiwale zimene anamulangiza. Ndinawagwira dzanja, popeza anali kuchokera padzuwa ndipo m'nyumba munali kamdima, n'kuwalondolera kumpando.

Anaukana katatu. Amayi anali asanakhalepo pampando chibadwire, kupatula mabenchi a kutchalitchi. Kachinayi anakhala, kumapeto kwenikweni, miyendo ataiphatikiza ngati munthu amene wabwera kudzayankha mlandu. Ndinawapatsa madzi osamba m'manja, kenaka tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini. Pambuyo pake ndinawapakulira mpunga ndi nkhuku. Anadya mwakachetechete, maso akuyendera chilichonse: njinga, kansalu ka patebulo, mbale zotsukidwa bwino, pansi pozira mosalala. Ndinkadikira kuti apeze cholakwika, pakuti amayi ankatha kupeza mwala mu ufa wosefa kawiri. Kenaka anakweza maso.



"Nsanja yabwino," anatero. Anagogoda mtengo umodzi ndi chala. "Chinyontho sichingafike apa. Anakumangira ndani?"

"Anamanga okha."

"Kani ali nawo manja? Chaka chonse chija kwathu sanakhomepo ngakhale thandala."

Amenewo anali mawu abwino oyamba amene amayi ananenapo za amuna anga. Ndinasangalala mpaka misozi inalengeza, ndipo ndinaiwala kuti akuyamikira bodza. Ndinawathiriranso tiyi. Iwo anakhazikika bwino pampando paja, anatsamira mtengo wa bedi, n'kuyamba kundiuza za kumudzi: amene wabereka, amene mbuzi zake zinadya nandolo wa eni, amene wathawa ukwati. Tinaseka limodzi ngati anthu awiri akuluakulu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Potsiriza anati:

"Nyumbayi ndi yaing'ono, koma ndi ya munthu. Ndikawauza atsibweni ako kuti uli pabwino."

Mlandu unali utatha, ndipo ndinali nditawina. Koma paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chapanthawi ya mthunzi wautali ndinamva nsapato za amuna anga, zimene ankaziponda mwamphamvu kuti anthu adziwe kuti ndi nsapato.

Mwambo wa pamaso ankaudziwa, ndanena kale. Sanalowe. Ananyonyomala panja pambali pa chitseko, nkhope atalozetsa kukhoma kuti asaonane ndi apongozi awo, n'kuwomba m'manja mwaulemu. Amayi anakokera nsalu kumaso. Ine ndinagwada pakhomo, pakati pawo, kuti ndizipereka mawu uku ndi uku, ngakhale kuti chipindacho chinali chaching'ono moti munthu akanong'ona panja, wam'kati ankamva ndi mpweya womwe.

"Muwafunse apongozi ngati ayenda bwino."

"Akuti mwayenda bwanji, amayi?"

"Uwauze ndayenda bwino, kaya iwo kuntchito."

Zinayenda bwino choncho mpaka amayi, mtima utafewa ndi tiyi, anawonjezera mawu amene sankayenera kuwonjezera.

"Uwauzenso kuti nsanjayi amanga bwino."

"Akuti mwamanga bwino," ndinatero msangamsanga, mawu oti nsanja nditawameza.

Ndinawaona amuna anga akufufuma kuyambira m'khosi. Ndinawatsinzinira. Ndinapukusa mutu. Ndinawaopseza ndi maso mpaka maso anawawa. Koma munthu anali atapenyetsetsa khoma chifukwa cha ulemu, ndipo ulemu womwewo ndi umene unatipha. Akanakhala mkamwini wamwano, woyang'ana paliponse, akanandiona.

"Aiona apusiteya?" anatero, mawu akukwera. "Aikonda? Ndinanena ine! Ndiye muwauze apongozi kuti zokagona kwa eni ayi. Lero ife tikapempha malo kwa anzathu, iwo akwere agone pabedi pathupo. Ndi mmene amachitira azungu, mlendo wolemekezeka amamupatsa bedi la eni nyumba. Asaope kugwa, n'lolimba kwabasi. Ife awiri timagonapo tsiku lililonse koma silinathyokepo. Makwerero mwaika kuti?"

Mawu amenewo sanafune wowapereka.

Amayi anatsitsa nsalu kumaso. Anakweza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana matabwa amene anali pamwamba pawo, ndipo ulendo uno anayang'anitsitsa. M'mipata ya matabwa munkatuluka timaudzu ta matiresi. Anayang'ana mtengo umene anautsamira, anayang'ana mbale imene anadyeramo, kenaka anaika kapu patebulo mosamala ngati ingaphulike. Sanaimirire. Anatsetsereka pampando n'kutuluka chokwawa, atadzikunga nsalu kuti isakhudze kanthu, mpaka anadutsa pamene ndinagwada ine. Panja anaimirira, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire ine anawayang'ana amuna anga kumaso, nthawi yaitali. Amuna anga anasowa kolozetsa nkhope, mpaka anavula chipewa cha yunifolomu n'kudziphimba nacho.

Amayi anapita pamtsuko wa mkazi wa mlonda, anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anachukucha m'kamwa katatu. Anthu a mdadada wonse anapeza mwadzidzidzi zochita panja. Atatha anandiyang'ana ine.

"Manga katundu wako."

M'mawa mwake tinanyamuka, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi kamtolo pamutu. Amuna anga anatitsatira chapatali akukankha njinga, akufunsa aliyense wofuna kumva kuti kodi iwo alakwa chiyani, poti anangopereka ulemu. Pamphambano anabwerera chifukwa ndege inali pafupi kutera.

Ku Lirangwe amayi anayamba kutsokomola tsiku lomwelo. Chinali chifuwa chodziwa nthawi: chinkagona pakakhala palibe anthu, n'kudzuka mwamphamvu wina akamadutsa panjira. M'mawa uliwonse ankadina mapazi awo ndi chala kuti aone ngati ayamba kutupa. Anamwa mizu ya kwa asing'anga, anaitanitsanso akulu a mpingo kuti awapempherere, kuti uku kukalephera uku kugwire. Nkhani inafika kuchitsime, kuchigayo mpaka kusiteshoni ya sitima, ndipo pofika kumeneko bedi lathu linali litatalika kuposa mtengo wa mlambe. Ine ndinabwerera m'kanyumba kanga kakale. Ndinkalira mobisa, ndipo mkwiyo wanga wonse unali pa amuna anga ndi pakamwa pawo. Za ine mwini sindinkaziganizako n'komwe.

Ankhoswe anakumana Loweruka lotsatira. Atsibweni anavutika kwambiri tsiku limenelo, poti nkhani ikamafotokozedwa ankagwidwa ndi chifuwa chawochawo n'kumatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka. Komabe chigamulo anapereka: amuna anga apepese ndi tambala, ndipo bedi alidule miyendo kuti lifanane ndi mabedi a anthu. Akatero adzanenenso za kutenga mkazi.

"Nanga njinga ikagona kuti?" anafunsa amuna anga.

"Akamwini," anatero atsibweni, "kodi kuno munadzafunsira njinga?"

Mukuganiza kuti anathamangira sowo? Anatha masabata awiri akuganiza. Masabata awiri athunthu munthu akuyeza mkazi wake ndi mitengo inayi ya bulugamu! Zimenezo ndinawakumbutsa mpaka ukalamba, ndipo sindinong'oneza bondo. Sabata yachitatu anatulukira, thukuta lili kamukamu, tambala ali pahandulo, mitengo inayi ataimangirira pakaliyala. Anaitsitsa pabwalo n'kuindandalika bwinobwino kuti aliyense aone kuti adula. Nkhope yawo inali ya munthu wobwera kumaliro.

Atsibweni anaiyang'ana mitengoyo n'kunena kuti kwa iwo nkhani yatha, kwatsala mawu a mayi a mwana. Amayi anadzuka, anandikodola, ndipo tinapita kuseri kwa nkhokwe, awiriwiri. Kumeneko sanatsokomole ngakhale kamodzi.

"Amuna akowo ndi chitsiru," anatero, "koma chitsiru choyera mtima. Ananena zonse poyera chifukwa sankadziwa kuti n'zoipa. Munthu wotero ungakhale naye. Tsono ndikufunse iwe. Bedi lalitali chonchija mumakwera bwanji?"

"Pa makwerero."

"Tsiku lija anali kuti?"

Ndinayang'ana pansi.

"Maungu aja anadzikweza okha?"

Ndinakanda dothi ndi chala chakuphazi.

"Iwe unkadziwa. Unandigwira dzanja ndi dzanja lakoli, n'kundikhazika pamenepo. Unandithirira tiyi kawiri. Ine ndikuyamikira nsanja, iwe ukumwetulira. Anthu a mdadada wonse akudziwa chimene ndakhalira kunsi kwake, wosadziwa ine ndekha, mayi ako."

"Ndinkaopa kuti munditenga, amayi," ndinatero, misozi ili chuchuchu.

"Ukanandiuza pakhomo paja kuti amayi musalowe, muno muli chakuti, ndikanakalipa. Mwina ndikanakutenga, mwina ayi. Koma unaona kuti kuli bwino ine ndidyere kunsi kwa bedi la mkamwini kusiyana n'kuti iwe uchoke ku Chileka. Ndiye pita ku Chileka kwakoko. Sindikuletsa."

Ndinapitadi, tsiku lomwelo, nditakhala pakaliyala pamene panali mitengo paja. Amuna anga ankaimba nyimbo njira yonse. Bedi lodulidwa miyendo linadzaza chipinda chonse, moti chitseko chinkatseguka theka. Njinga anaipachika kudenga ndi mawaya, poti mpweya wam'mwamba uja sunawachoke mumtima, ndipo oyilo amene kale ankagwera kumapazi tsopano ankadonthera pamimba.

Zaka zinapita. Chitaganya chinatha, amuna anga anakwezedwa pantchito, ndipo tinamanga nyumba yathuyathu cha ku Chileka komweko, ya zipinda zitatu, ya pabalaza penipeni, mabedi onse ali pansi ngati a anthu. Amayi sanandidule phazi. Ankabwera chaka chilichonse akakolola, ndi mtedza, ndi nandolo, ndipo mwana aliyense amene ndinabereka anamusambitsa ndi manja awo. Ndi amuna anga anafika mpaka pomaseka, aliyense atayang'ana kwake. Koma pakhomo panga sanalowenso. Ankafikira pakhonde, kudyera pakhonde, ndipo kukada ankakagona kwa mayi wina wa kumpingo. Zidzukulu zinkaganiza kuti agogo awo amangokonda mphepo.

Chaka china anabwera mochedwa, mvula itayamba kale. Anali atakalamba, akuyendera ndodo. Masana kunagwa chimvula champhepo, cholowa mpaka pakhonde, ndipo ndinawapeza atadzipanikiza kukhoma, nsalu yonse itanyowa, akunjenjemera. Ndinagwada m'madzi momwemo, ine mayi wa ana asanu.

"Amayi, chonde lowani. Zipinda zogona zili kumbuyo, zotseka. Pabalaza palibe chilichonse, mipando ndi tebulo basi. Ndikulumbira."

Anandiyang'ana mopanda mkwiyo, mwachifundo ndithu, madzi akutsika m'makwinya a kumaso kwawo.

"Ukutero ndiwe," anatero.

Anakokera nsalu yonyowayo kumutu, n'kukhala pomwepo mpaka mvula inakata.